Bondo la Dothi la Pachulu

Pali zinthu zimene munthu amaulula kwa Mulungu yekha, koma iyi ndaona kuti ndingoinena poyera, chifukwa ku Kaduya kuno aliyense akuidziwa kale, ndipo amene akuifalitsa akuikometsera mopitirira. Ena akuti ndinapita kwa sing'anga. Ena akuti ndinavula buluku pamaso pa dokotala wamkazi. Zonsezo n'zabodza, abale anga. Buluku ndinangopinda mwendo umodzi.

Mayi a kunyumba kwanga, amake Linesi, anavutika ndi bondo lakumanja kwa zaka zingapo. Iwo sadandaula ndi pakamwa. Ndinkangoona kuti potsika m'phiri ndi nkhuni akutsalira m'mbuyo mwa anzawo. Kenaka anasiya kupita kuphiriko. Kenaka anadula ndodo. Kutchalitchi kwathu si kutali, munthu ukaitana amamva, koma iwo anafika popuma katatu panjira, atagwira mtengo, akunamizira kuti akuyang'ana nandolo wa eni ake. Akamadzuka pamphasa, bondolo linkalira ngati chitseko cha nyumba yosiyidwa.

Kuchipatala chathu anawajambula ekisire. Dokotala wa kumeneko, bambo wa kumpoto wolankhula mofatsa, anatiuza kuti kamnofu koterera kamene kamakhala pakati pa mafupa kanatha, tsopano mafupa akukhulana okhaokha. Anatilemba dzina, tinabwerera, tinapitiriza kupemphera. Patapita miyezi anatiitanitsa. Anati kuchipatala china chachikulu ku Blantyre kukubwera madokotala ochokera ku India, akhala milungu iwiri yokha, ndipo aika mawondo achitsulo kwa anthu owerengeka. Dzina la amake Linesi linali pomwepo.

"Lolemba likubwerali mukhale mutafika," anatero. "Mukapanda kufika malowo apatsa wina. Odikira ndi ambiri."

Munthu wanzeru akanati zikomo n'kutuluka. Ine ndinafunsa. (Ndimatsogolera mapemphero a Lachitatu m'mudzi mwathu, ndiye ndinazolowera kuti pamene pali chete ndiikepo mawu.)

"Nanga mawondowo akuchokera kuti, adokotala?"

"Abwera nawo okha. Musade nkhawa, ndi abwino. Anawapanga poyeza mafupa a anthu a kwawo komweko."

Iye ankanditonthoza. Koma mawu amenewo ndinawanyamula ngati khala lamoto, n'kukawataya pa udzu wouma, ndiye kuti kwa alamu anga a Waisoni.

Amene simuli a kuno mumvetse. Ine ndine mkamwini. Ndakhala pamudzi pano zaka zoposa makumi atatu, mitengo ya mango ndinadzala ndekha, koma nkhani ikakhala ya mpeni pathupi la munthu, mwini mbumba ndi a Waisoni, mchimwene wawo wa amake Linesi. Mkazi ndi wanga, inde, koma bondo ndi la kwawo. Ndinawapeza akusenda nandolo pakhonde, ndinafotokoza zonse bwinobwino, n'kumalizira ndi mawu aja monyadira, ngati ndikuwonjezera uthenga wabwino.

Anasiya kusenda.

"Alamu, mwati poyeza ndani?"

"Anthu a ku India, alamu."

"Ndiye mlongo wangayu ndi mmwenye?"

"Ayi, koma fupa ndi fupa. Tonse anatiumba ndi dothi limodzi."

"Dothi limodzi, koma nsapato zanu ine sizindikwana. Nsapato ikakuluma umavula, n'kuyenda chapansi. Chitsulo akachisokera m'kati, chikamuluma, avula bwanji?"

Kunena zoona, funsolo linandilowa inenso.

Amake Linesi anali atakhala chapatali, mwendo atautambasula. "Achimwene, bondotu ndi langa."

"Ndi lako pamene likupweteka. Likakanika, onyamula ndife." Anatembenukira kwa ine. "Sapita. Pokhapokha mutenge muyeso wake wa iyeyu, tikawaonetse madokotalawo, avomere ndi pakamwa pawo ine ndikumva kuti chitsulocho chikwana. Apo ayi, tibwerera naye tsiku lomwelo."

Linali Lolemba. Kunatsala sabata imodzi, ndipo amene anatseka njira ya mkazi wanga ndinali ine ndi lilime langa.

Komatu za muyeso sindinachite nazo mantha. Kwathu kuno pokagulira munthu nsapato pa kaunjika sutenga mwini phazi. Umadula luzi kapena kaphesi kolingana ndi phazilo, n'kukalowetsa m'nsapato imodziimodzi mpaka upeze yake. Ana anga onse anakula ndi nsapato za luzi, palibe anapunduka. Ndiponso ndinadzilimbitsa mtima ndi Malemba. Chingalawa chija chinamangidwa ndi muyeso. Kachisi anamangidwa ndi muyeso, mikono yakutiyakuti m'litali, yakutiyakuti m'lifupi. Mulungu wathu sakonda zongoyerekeza.

Lachiwiri m'mawa ndinazunguliza luzi pabondo la amake Linesi, n'kudula. Dzuwa litapendeka ndinati ndibwereze, pakuti nkhani imakhazikika ndi mboni ziwiri. Luzi lija linaperewera ndi zala ziwiri. Bondo linali litatupa ndi ntchito za tsikulo. Ndinadula lina. Lachitatu m'mawa onse awiri anakana, ndinadula lachitatu. Tsopano ndinali ndi mboni zitatu zosagwirizana, ngati za pa mlandu wabodza.

Nditabweranso ndi luzi lachinayi, amake Linesi anakoka chitenje n'kuphimba mwendo.

"Abambo a Linesi, mukandifinyanso pamenepa, opaleshoniyo ikhala yanu."

Ndinapita kukakhala pansi pa mango, kulingalira. Ndinaona kuti vuto la luzi ndi lakuti limangonena kukula, silinena maonekedwe. Bondo si phazi. Lili ndi zitunda ndi zigwa ngati phiri lathuli. Chofunika ndi chikombole: kumata dothi pabondo, liume, n'kulichotsa, m'kati mutsale chithunzi chenicheni. Ndinasangalala ndi nzeru imeneyi mpaka ndinaimba. Koma nditakawauza eni bondo, anangondiyang'ana, kuyang'ana kwawo kuja kumene sikufuna womasulira.

Apa ndi pamene woyesa uja anandibwerera, ndipo monga mwa chizolowezi chake anabwera ndi vesi m'manja. Kodi paukwati wathu sanatiuze kuti awirife tsopano ndife thupi limodzi? Ngati ndife thupi limodzi, bondo langa ndi la yani? Ndiponso timalingana msinkhu. M'nyengo yozizira jekete langa amavala, limawakwana. (Ndikudziwa, owerenga. Panopa ndikudziwa. Koma tsiku limenelo zinkamveka ngati vumbulutso.)

Lachinayi ndinakumba dothi la pachulu, ndinaliponda bwinobwino, ndinavala kabudula, n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Ndinamata bondo langa mochindikala ngati mbiya, n'kukhala padzuwa. Unali mwezi wa Okutobala. Amene mukuidziwa Phalombe mu Okutobala mukudziwa kuti njerwa imapsa yokha popanda uvuni. Chimene sindinaganize ndi kudzola mafuta ndisanamate.

Dothi litayamba kugwira, ndinamva nyimbo ikubwera m'njira. Amayi a ku mpingo, asanu ndi awiri, atavala zoyera, akubwera kudzapempherera wodwala asananyamuke. Ndinati ndithawe, mwendo unakana kupindika. Ndinati ndikwawe, ndinachedwa. Njira yolowera kwathu imadutsa pankhokwe pomwepo.

Nyimbo inaduka pakati.

"Bambo, mwatani?" anafunsa mtsogoleri wawo, mayi amene ndinamuphunzitsa ndekha m'kalasi ya ubatizo.

"Ndikuumitsa."

"Wakupatsani ndani mankhwalawa?"

"Si mankhwala, mayi, ndi dothi wamba. Kodi Ambuye sanapake thope m'maso mwa wosaona uja?"

"Anapaka, bambo. Koma uja anamuuza kuti apite akasambe. Inu mwangokhala."

Anapemphera tsiku limenelo, ndinkawamva ndili kuseri, ndipo dzina langa linatchulidwa kawiri kuposa la wodwala.

Atapita, amake Linesi anabwera ndi ndodo yawo ndi mpeni wosendera mbatata. Anakhala pamwala, anacheka dothi lija mbali ziwiri mosamala, n'kukoka. Abale, ine ndinali ndi ubweya m'miyendo. Ndikuti ndinali nawo. Kufuula kumene ndinafuula, agalu a ku Jenala ayenera kuti anayankha. Amake Linesi anaseka mpaka misozi, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chiyambire kudwala kwawo, moti ngakhale pa ululu wanga ndinayamika.

"Ndiye mukawauza achimwene kuti ndi la ndani?"

"Ndikawauza kuti ndi muyeso wa bondo."

"Chabwino. Ine sindinenapo kanthu. Ndikufuna ndikaone mathero ake."

Ndipo ndi mmene ndinawauziradi alamu. Sindinaname. Ndinangosiya mawu amodzi panjira. Iwo anasuzumira m'chikombolemo, anagwedeza mutu, anati, "Izi ndiye nzeru, alamu." Aka kanali koyamba kundiyamikira chikwatire.

Lolemba tinakwera minibasi atatu. Ine ndinafungatira dengu pamiyendo, zibenthu ziwiri zija nditazikulunga m'chitenje ngati khanda. Kondakitala anati dengu likwere kumbuyo ndi matumba, ndinakana. Anafunsa ngati ndi mazira. Alamu anayankha mokweza kuti basi yonse imve, "Ndi zipangizo za kuchipatala."

Dokotala amene anatilandira anali mayi wamng'ono thupi, waimvi, magalasi atalendewera pachifuwa. Ndinkayembekeza munthu wa patebulo lalikulu. Iye anakoka kampando kafupi n'kukhala pansi kuposa wodwala, anagwira dzanja la amake Linesi ndi manja awiri, n'kunena, "Muli bwanji, amayi?" m'Chichewa chopindika koma chochokera mumtima. Zotsala ankamasulira nesi, mtsikana wa ku Zomba wa maso ochenjera.

Dokotala anayeza, anapinda mwendo pang'onopang'ono, akuyang'ana nkhope ya wodwala osati bondo, kuti aone pamene ululu ukuyambira. Alamu anandigunda ndi chigongono. Ndinaimirira, ndinatsokomola monga ndimachitira Lachitatu, ndinamasula chitenje, n'kuika zibenthu zija patebulo. Nesi anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Dokotala sanaseke. Ananyamula chibenthu chimodzi ndi manja awiri, ngati akulandira mphatso, n'kufunsa kuti n'chiyani ndipo ndachibweretseranji. Ndinafotokoza zonse: mawu a dokotala wa kwathu, nsapato yoluma, lamulo la alamu. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenaka analankhula nthawi yaitali, nesi akumasulira, kuseka kutamuthera.

"Akuti funso lanulo si lopusa. Akuti kwawonso analifunsa, ndipo analifunsa mochedwa. Zitsulo zoyamba zimene zinkafika kwawo anazipanga poyeza mafupa a azungu. Tsono anthu ambiri a kwawo, makamaka amayi, mafupa awo ndi aang'ono, ndiponso kaumbidwe kake n'kosiyana pang'ono. Akasankha chitsulo chokwana kutsogolo ndi kumbuyo, m'mbali chinkatsala, ngati chotsekera chachikulu pa ndowa yaing'ono, ndipo potsalapo pankakhula minofu. Akasankha chaching'ono, fupa lina linkakhala pamtunda. Ndiye madokotala a kwawo anayamba kuyeza mawondo a odwala awo mmodzimmodzi, kuti opanga adziwe."

Alamu anawerama kutsogolo. "Ndiye mwaona, alamu? Ndimanena!"

Dokotala anatulutsa kabokosi ka zitsanzo. Ine nthawi yonseyi ndinkaganiza kuti bondo lachitsulo ndi hinjesi yaikulu ngati ya pageti, kuti amadula mwendo pakati n'kumangirira. Ayi ndithu. Ndi tizipewa tonyezimira tovala kumapeto kwa mafupa, pakati n'kuikapo kapulasitiki kolimba koterera. Tinalipo tambiri, kuyambira kakang'ono mpaka kakakulu, titandandalikidwa ngati nsapato m'sitolo. Anatiyatsira ekisire ya amake Linesi, n'kutionetsa mmene anayezera fupa lenilenilo, m'litali ndi m'lifupi mwake. Anati pa opaleshoni amayamba waika zoyesera, kupinda mwendo, kuwongola, kusintha, mpaka apeze chake.

Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana fupa la mkazi wanga likuwala pagalasi, ndipo mantha oyera anandigwira. Zaka zonsezi chinthu chopangidwa modabwitsa chotere chinkayenda pakhomo panga, kutunga madzi, kusenza nkhuni, ine osachidziwa. Ndipo Mwini kuumba anapatsa kamayi aka, kobadwira kutsidya kwa nyanja zamchere, maso oti kaone ntchito yake yobisika n'kuikonza.

Alamu sanagonje msanga. "Mufunseni. Azungu anayeza awo, iwo anayeza awo. Nanga athu anayeza ndani?"

Dokotala anavula magalasi, nesi n'kumasulira. "Akuti mwafunsa zoona. Mafupa a anthu a kuno oyeza sanachuluke, ndiye sangakunamizeni kuti chitsulochi anapangira mayiwa. Chimene angalonjeze ndi ichi: ayeza yekha ndi manja ake, ndipo chimene sichikukwana saika."

Alamu anawomba m'manja kawiri, mwaulemu wa kwathu. "Munthu wonena kuti apa sindikudziwa, ameneyo ndimamukhulupirira. Apite."

Mtima wanga unakhala pansi ndi chimwemwe. Ndinayamba kukulunga zibenthu zanga mwachangu. Koma dokotala anali atagwirabe chimodzi, atavalanso magalasi, akusuzumira m'kati. Anatsina kanthu ndi zala ziwiri n'kukakweza kuwindo. Kenaka kena. Ine ndinkadziwa kuti kuli Mmodzi yekha amene amawerenga tsitsi la munthu. Sindinkadziwa kuti ali ndi wothandizira ku Blantyre.

"Akufunsa kuti," anatero nesi, "mayiwa akudwala bondo lakumanja, nanga bwanji ili ndi lakumanzere? Ndiponso akuti mwini wake ali ndi ubweya wambiri. Kapena kuti anali nawo."

(Zakumanzerezo ndifotokoze. Masiku onse ndinkayeza nditakhala moyang'anana nawo, ndiye bondo lodwalalo linkakhala kumanzere kwanga. Ndinaloweza choncho.)

"Alamu," anatero a Waisoni pang'onopang'ono. "Bondo ili ndi la ndani?"

Apa ndi pamene ndinapinda buluku. Bondo langa linatuluka losalala, lopanda ndi kaubweya komwe, likunyezimira ngati dzira losenda. Alamu akakwiya amasiya Chichewa n'kulowa m'Chilomwe, ndipo zimene ananena nesi sanamasulire, ngakhale ndikukhulupirira kuti anamva. Ine ndinayesa kufotokoza za thupi limodzi. Nesi anayamba kumasulira, anafika pakati, anagwira tebulo. Atamaliza, dokotala uja anaseka koyamba, kuseka kwa munthu wabwino, kopanda chipongwe, n'kunena kuti kwawonso paukwati amanena zofanana ndi zimenezo, koma ekisire sinavomerezebe.

Ndinkaganiza kuti manyazi athera pamenepo. Koma iye anabwerera pa kampando kake, n'kuyendetsa chala pa bondo la amake Linesi. Khungu la pamenepo ndi lakuda, lokhakhala, lolimba ngati la kuchidendene. Mawondo onse awiri. Anafunsa ngati amagwada kwambiri.

"Pang'ono," anatero amake Linesi. "Popemphera m'mawa ndi madzulo. Pozira nyumba. Popereka moni kwa achimwenewa. Powapatsa bambowa madzi."

"Ngakhale pamene likupweteka?"

"Nanga n'kutani?"

Dokotala anayang'ana bondo langa, limene linali lidakali panja, lofewa ngati la mwana wa miyezi itatu. Anangokweza nsidze. Amake Linesi anayankha okha.

"Iwowa amapemphera ali pa mpando wa ndalema. Koma mawu ndiye ali nawo."

Sindinamvepo ulaliki waufupi wondilasa chotero. Ndinatsitsa buluku.

Kenaka dokotala anasiya kuseka, anagwiranso dzanja la wodwala. Anati kwawonso anthu amakhala pansi, amanjuta, amagwada popembedza, ndipo funso loyamba la odwala ake limakhala lomweli la kugwada, ndiye sabisa. Ululu udzachepa kwambiri. Kuyenda adzayenda, ngakhale kukwera chitunda. Koma kugwada asayese kwa miyezi yambiri, ndipo ena ngakhale atachira sapeza bwino pogwada mpaka kalekale.

M'chipindamo munazizira. Ndinaona nkhope ya mkazi wanga ikugwa, ndipo ndinazindikira kuti sabata yonse ine ndi alamu tinkalimbana ndi funso lathu, pamene funso lake linali lina. Anayang'ana mawondo ake nthawi yaitali.

"Ikani," anatero potsiriza. "Ndikufuna ndikafike kutchalitchi ndi miyendo yanga, osagwira mitengo ya eni. Zogwadazo, Mwini wake akudziwa kuti ndagwada kangati."

Anawachita opaleshoni Lachitatu. Dokotala anatuluka yekha kudzatiuza kuti chachiwiri kuchokera ku chaching'ono ndi chimene chinakwana, ndipo chinakhala bwino m'mbali monse. Tsiku lotsatira anali atawaimiritsa kale ndi chogwirira. Panali kulira, panali masewero opinda mwendo amene amake Linesi ankawatcha chizunzo, koma pofika nthawi yokolola anayenda kuchoka pakhomo mpaka pakhomo la tchalitchi osaima, ndodo ataisiya kunyumba. Alamu ankayenda patsogolo ngati chitsulocho anasula ndi iwo.

Kunyumba zinthu zinasintha. Madzi ndimakatenga ndekha pamtsuko, ndipo ndapeza kuti si patali. Pa mapemphero a madzulo ndinawauza kuti iwo akhale pampando, pakhomo pano wogwada akhale ine. Tsiku loyamba ndinagwada pansi pozira paja ndi mtima wonse, n'kuyamba monga mwa masiku onse, kuchokera ku chilengedwe, kudutsa m'chipululu, kutchula odwala, akumidzi, a m'maboma, madokotala a ku India ndi mabanja awo. Ndisanawoloke n'komwe Yorodano, mawondo anayamba kuyaka. Pofika pa Amen miyendo inali itafa. Ndinayesa kudzuka, ndinagwera pa mphasa chammbali.

Amake Linesi anaimirira pampando paja mosavuta, bondo osalira ngakhale pang'ono, anandigwira m'khwapa n'kundikweza ngati thumba la nandolo.

"Dzukani, abambo a Linesi. Mawa mufupikitse. Amamva msanga Iyeyo."

Ndinafupikitsadi. Masiku ano ngakhale Lachitatu ndimapemphera chogwada, ndipo sindipitirira mphindi zitatu. Anthu a mumpingo akuti chichokere ku Blantyre ndakula mu uzimu, mapemphero anga akumagwira mtima. Ine ndimangoti ulemerero upite kumwamba, kwinaku ndikufunafuna pogwira kuti ndidzuke.